Kodi Luso la Kanema Liphunziridwe Kusukulu Kapena Pantchito?

Pakati pa makolo ndi achinyamata a m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, ndi m'midzi yonse yozungulira Nsaru, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, pabuka masiku ano nkhani imene agogo athu sakadailota n'komwe, ndiyo yakuti mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Fomu 4, mtima wake nukhumba ntchito yojambula ndi kukonza kanema, kodi makolo amgulitsire mabelo a fodya ndi matumba a mtedza kuti akakhale zaka zingapo pa koleji ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Zomba, kapena ndalama zomwezo zimgulire kamera ndi kompyuta, ayambe lero lomwe kutsata amisiri amene ajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Nkhaniyi si yachibwana, pakuti mlimi wa kuno aona ndalama kamodzi pachaka, fodya akagulidwa ku Kanengo ndi soya akatuluka m'munda, ndipo ndalama imene yalowa njira imodzi siibwerera kuti ikayese njira inayo. Anthu anzeru ndi okonda ana awo agawikana pawiri, chotero nkoyenera kuti timve mbali zonse ziwiri modekha, tisanagamule.

Tikumbuke poyamba kuti funsoli ndi latsopano ndithu. M'masiku a atsamunda, kuyambira chaka cha 1948, kunali bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, limene linkakonza makanema ophunzitsa anthu a ku Nyasaland ndi a ku Rhodesia zinthu zimene boma linafuna kuti azidziwe. Ndipo ngakhale titalandira ufulu m'chaka cha 1964, kanema ankafikabe kumidzi pa galimoto ya boma, nsalu yoyera nipachikidwa pabwalo la sukulu, anthu nakhala pansi kuonerera za ulimi ndi za maulendo a Kamuzu mpaka usiku. Wailesi ya kanema ya dziko lino, TVM, inadzayamba mu 1999. Zaka zonsezo munthu wa kwa Kabudula anali woonerera kapena wojambulidwa, kamera ili m'manja mwa mlendo. Lero mwana wa sukulu ayenda ndi kamera m'thumba la kabudula, mkati mwa foni, ndipo ndicho chifukwa chake makolo asowa poonera: palibe malume amene anayendapo njira iyi kuti afunsidwe nzeru.

Oyamba kuyankhula ndi amene ati luso ili n'lamanja, ndipo lamanja liphunziridwa pogwira. Iwo ati: tapitani mukaone tsiku la ukwati pa Nsaru, mwezi wa Ogasiti, nyengo ya mphepo ndi fumbi, anthu atakolola ndipo ndalama ili m'thumba. Wojambula adzuka kusanache, nakwera kabaza, chikwama cha kamera chili kumsana. Ayambira kunyumba kumene mkwatibwi akuvekedwa m'chipinda chamdima, naphunzira pomwepo kumkhazika moyang'ana zenera kuti kuwala kumgwere pankhope, popeza zenera likakhala kumbuyo kwake nkhope yonse ida bii. M'tchalitchi aphunzira kuima pamalo pamene sadzatchinga abusa, ndi kudziwiratu nthawi ya mphete, pakuti mphete siivekedwa kawiri. Kumadyerero, nthawi ya perekani-perekani, pamene zimkuzamawu zilira mpaka pachifuwa kunjenjemera, aphunzira kuti kamera yosendera kufupi ndi sipika itenga phokoso lokhalokha, ndi kuti maikolofoni yosavekedwa kansalu itola mphepo m'malo mwa malangizo a ankhoswe. Aphunzira kusamala batire pamudzi wopanda magetsi a ESCOM, ndi kukopera zonse za m'memole pamalo awiri asanagone, chifukwa ukwati wofufutika sungabwerezedwe, ndipo eni ake sadzamva kupepesa kulikonse. Kodi ndi kalasi iti, afunsa iwo, imene ingaphunzitse mwana zinthu zonsezi tsiku limodzi, ndi mantha enieni a munthu amene walandira kale theka la malipiro?

Atchulanso dzina la Shemu Joyah, amene ntchito yake inali yoyeza malo, nadziphunzitsa yekha luso la kanema ali wamkulu kale, ndipo anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, kanema amene anapambana mphoto ku Lagos mu 2018 monga woposa onse a kummwera kwa Africa, nakhalanso woyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar. Atchula Joyce Mhango Chavula, amene anakulira m'zisudzo zoseweredwa pamaso pa anthu, kanema wake wotchedwa Lilongwe nalandira mphoto yomweyo mu 2016. Ngati akatswiri otere anakwera chifukwa cha khama ndi kuzolowera ntchito, nanga mwana wa mlimi alipirirenji zaka zinayi?

Awonjezeranso kuti zida za ntchitoyi zatsika pansi pamene aliyense angazifikire. CapCut ikhala mu foni, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere kwa iye amene ali ndi kompyuta yamphamvu, ndipo maphunziro a kagwiritsidwe kake adzaza pa YouTube, kotero kuti wokhala ndi bandulo ndi kasola kakang'ono angathe kuphunzira usiku chimene adzachita m'mawa. Zidazi zisinthanso msanga, mwakuti batani limene mwana aloweza chaka choyamba pa koleji likhoza kukhala litachoka pofika chaka chachinayi. Ndipo pali dandaulo lina limene sitingalikane: m'kalasi yodzaza, kamera zili zowerengeka, wophunzira wamanyazi akhoza kutsiriza teremu yonse ataigwira kamphindi chabe, nabwerera kwawo ndi satifiketi ndi manja osadziwa kanthu. Mwini ukwati safunsa satifiketi, afunsa kuti, “Tationetsani umene munajambula sabata yatha.” Chotero ati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: ntchito ya maukwati ndi makwaya ilipo lero, pamene ntchito ya ku wailesi ya kanema ili m'malonjezo.

Mawu awa ngolemera, ndipo ine ndiwalemekeza. Komatu a mbali yachiwiri, amene ati mwana apite kusukulu, ayankha ndi mfundo imene, m'kuona kwanga, ifika pakatikati pa nkhani yonse. Iwo ati anzathuwo anenetsa za kujambula, koma apitirira mwachangu pa ntchito imene ichitika ukwati utatha, anthu atabalalika, wojambula ali yekha ndi kompyuta yake: ntchito yodula ndi kulumikiza. Kanema wa pa wailesi ayenda ndi zithunzi 25 pa sekondi iliyonse, ndipo munthu amene wajambula maola asanu ali ndi mulu waukulu umene ayenera kuusankha, monga achitira mlimi m'chigafa posankha fodya, tsamba ndi tsamba, ili apa, ili apo, ili lotaya. Ndipo monga fodya wabwino awonongeka mtengo chifukwa cha wosankha wosadziwa, chomwechonso zojambula zabwino zifera m'manja mwa wodula wopanda mwambo.

Tsono taonani chimene ntchito ya maukwati iphunzitsa pa mbali iyi. Mwini ukwati afuna kuti mbale aliyense aoneke, azakhali onse ndi alendo onse a kuchimuna ndi a kuchikazi, ndipo ali ndi ufulu wofuna chotero popeza walipira. Potero wodula aphunzira kusataya kanthu, kanema natalika maola atatu. Aphunzira kukometsa ndi maluwa ogwa kumwamba, ndi zithunzi zotembenuzika ngati masamba a buku, ndi nyimbo yotchuka yoikidwa pamwamba pa mawu a ankhoswe mpaka malangizo osamveka. Achita zimenezi chaka choyamba, nayamikiridwa, achita chaka chachisanu, nayamikiridwabe, pakuti palibe wina womuposa amene akhala naye pansi ndi kumfunsa kuti, “Chithunzi ichi chikunena chiyani chimene chinzake sichinanene kale?” Manja ake afulumira ndithu, koma diso lake liima pamene linaimira tsiku loyamba, ndipo tsiku limene bungwe lina lidzampempha kanema wa mphindi zisanu wofotokoza za chitsime cha m'mudzi kapena za amayi oyembekezera, adzapeza kuti sadziwa poyambira nkhani ndi poithera.

A sukulu akumbutsanso kuti kudula ndi kulumikiza ndi mphamvu yoopsa. Ku Moscow, kumene sukulu ya kanema inatsegulidwa mu 1919, mphunzitsi wina dzina lake Lev Kuleshov anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wosewera wotchuka Ivan Mosjoukine, nachilumikiza koyamba ndi mbale ya msuzi, pambuyo pake ndi bokosi la maliro. Ndipo monga nkhaniyo isimbidwira, oonerera anaona njala pa nkhopeyo nthawi yoyamba ndi chisoni nthawi yachiwiri, chikhalirecho nkhope inali imodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zimenezo filimu yojambulira inali yosowa kwambiri m'dzikomo, kotero kuti ophunzira ankaphunzira podula makanema akale ndi kuwalumikiza mwatsopano. Kusowa kwa zida sikunaletse maphunziro, popeza mphunzitsi wodziwa analipo. Phunzirolo litifika ngakhale kuno kwathu. Tiyerekeze kuti mfumu yaima pamsonkhano ninena kuti, “Sindinganene kuti feteleza wabedwa ndi a komiti, popeza umboni ndilibe.” Mnyamata wa foni angathe kuchotsa mawu oyamba ndi otsiriza, nasiya apakati okha, ndipo dzuwa lisanalowe WhatsApp idzakhala itauza anthu a ku Mpingu ndi abale a ku Joni kuti mfumu yatchula akuba. Mawu ndi a mfumu, nkhope ndi ya mfumu, koma umboniwo ngwonama, ndipo woupanga sanawonjezepo liwu ngakhale limodzi. Munthu wopatsidwa mphamvu yotere ayenera kulangidwa asanaigwire, monga alangidwa aliyense wolowa udindo.

Palinso malamulo a dziko, amene msika suphunzitsa mpaka munthu atapalamula. Lamulo la 2016 loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, limene bungwe la COSOMA liyang'anira, likhudza yense woika nyimbo ya mwini m'kanema wogulitsa. Ndipo lamulo lina la chaka chomwecho, lokhudza zochitika pa intaneti, likhoza kufikitsa kupolisi munthu wofalitsa zonyazitsa mnzake. Koma kuposa malamulo pali ulemu wa munthu. Ndani mwa ife sanaone chimene chichitika ngozi ikagwa pa msewu wa ku Mchinji, pamene mafoni akwezedwa m'mwamba ovulala asanafike n'komwe ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, mayi namva za imfa ya mwana wake pa foni ya mnansi, zithunzi zili poyera, mthenga wa maliro asanatumidwe? Chinthu ichi chindipweteka mtima kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti wophunzira amene anakhalapo m'kalasi mokambidwa za kupempha chilolezo, za kubisa nkhope ya mwana ndi ya wodwala, ndi za kumva mbali zonse za mlandu, adzatsitsa foni yake pamene ena aikweza.

Pano ndiyenera kupatukako pang'ono ndi kupatsa mudzi ulemu wake, pakuti pali mwambo wina umene koleji siingaphunzitse bwino kuposa makolo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, avinidwa pabwalo anthu akuona, koma ali ndi malire ake. Mwana wobadwira kwa Kabudula adziwa, osauzidwa ndi buku, kuti kamera ipemphedwa kwa mwini mzinda isanatuluke m'chikwama, kuti njira ya kudambwe siitsatidwa, ndi kuti pali zina zimene, ngakhale zitalowa m'kamera mwangozi, zichotsedwa podula. Adziwanso kagwadidwe pofika pasiwa, ndi mawu oyambira pofunsa agogo kuti asimbe zakale. Chuma ichi asachitaye popita kutauni, poyesa kuti n'chachimidzi. Ndicho chimene chidzamtsegulira makomo amene atsekekera mlendo wa kamera yodula.

A mbali yachiwiri ali ndi mfundo zina ziwiri zapafupi. Yoyamba ndiyo yakuti MBC, Zodiak, Times ndi mabungwe olemba ntchito kawirikawiri afuna mapepala, ndipo mapepalawo atuluka ku masukulu monga MUBAS, Yunivesite ya Malawi ku Zomba, Malawi Institute of Journalism ndi African Bible College. Yachiwiri, imene amuna aiwala kawirikawiri, ikhudza atsikana: ndi makolo angati amene angalole mwana wawo wamkazi kutsata mmisiri wamwamuna m'maukwati a kutali, kubwerera usiku pa njinga yamoto? Njira yophunzirira pantchito njotsegukira anyamata, pamene kwa mtsikana kalasi ndilo khomo lotakasuka.

Nanga za Shemu Joyah? Inde anadziphunzitsa yekha za kamera, koma tisaiwale kuti anali munthu wophunzira kale ku yunivesite, wowerenga ndi wolemba nkhani, wodziwa kukhala pansi ndi buku lovuta mpaka kulimvetsa. Chitsanzo chake chichitira umboni maphunziro koposa kuwatsutsa. Ndipo kuli wina wamkulu, Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amutcha tate wa kanema wa mu Africa. Iye anali msodzi, mmisiri womanga nyumba, ndi wonyamula katundu padoko la Marseille. Anadziwa moyo ndi thukuta lake, nalemba mabuku otchuka. Koma pamene anafuna kuyankhula ndi anthu a kwawo osadziwa kuwerenga, sanadziyese wodziwa kale, anapita ku Moscow ali pafupi zaka 40 kukaphunzira luso la kanema. Pobwerera anatulutsa Borom Sarret mu 1963, kanema wa mphindi pafupifupi 20 wonena za tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo mu mzinda wa Dakar, ndipo kanema wamfupiyo aphunzitsidwa m'masukulu kufikira lero. Ngolo zili mbwee m'misewu ya kwathu, zonyamula chimanga, njerwa ndi odwala, ndipo mwini ngolo aliyense ali ndi tsiku lake loyenera kusimbidwa. Chosowa ndi munthu wophunzitsidwa kuona nkhani m'menemo ndi kuidula mwa muyeso wake.

Nditamva zonsezi, ine ndiima ndi a sukulu, ngakhale sinditaya chenjezo la anzawo. Chifukwa changa n'chimodzi: manja angaphunzire okha, koma chiweruzo cha choyenera kusiya ndi choyenera kuchotsa chifuna wina wokuposa, wosakuopa ndi wosakulipira, amene adzaona ntchito yako nakuuza mosabisa pamene yalakwika. Safunsa anadya phula. YouTube ionetsa batani loti udine, koma siiona kanema wako. Mwini ukwati aona kanema wako, koma afunamo nkhope ya azakhali ake. Mphunzitsi ndi anzako a m'kalasi ndiwo okha amene aonera ntchitoyo chifukwa cha ntchito.

Komabe sindingalangize kholo lililonse kuti ligulitse mabelo chifukwa chakuti mwana wanena pakamwa kuti akonda kanema, pakuti ambiri akonda kuoneka atanyamula kamera, ochepa ndiwo akonda kukhala usiku wonse kubwereza mphindi imodzi mpaka mawu ndi milomo zigwirizane. Mwanayo ayesedwe kaye pakhomo, nyengo imodzi ya chilimwe. Anyamule chikwama cha mmisiri wa maukwati, kapena ngati ndi mtsikana ajambule kwaya ya kutchalitchi kwawo ndi msonkhano wa banki mkhonde ya amayi ake. Kenaka ndi foni yomweyo akonze kanema wake wa mphindi zisanu, wokhala ndi chiyambi ndi mapeto, wonena za tsiku la msika pa Nsaru kapena za mayi woumba mbiya, nauonetse kwa aphunzitsi ake akale ndi kwa eni nkhaniyo. Akadzudzulidwa n'kubwerera kukakonza, kachiwiri ndi kachitatu, osakwiya, ameneyo ngwa ntchito iyi, ndipo ndalama ya fodya siidzapita pachabe. Akafika ku koleji asakhale kumbuyo kudikira kuti kamera imupeze, aipemphe, aibwereke Loweruka, adziphatike kwa anzake a m'makalasi apamwamba. Ndipo pa tchuthi abwerere kumaukwati ndi kumakwaya, kumene adzapeza liwiro la manja ndi ndalama ya sopo. Iye amene fizi yamkanika ndithu asataye mtima, koma afunefune mkonzi wodziwa mu Lilongwe, amtumizire ntchito yake ndi kupempha kudzudzulidwa, ndipo awerenge malamulo aja asanagulitse kanema wake woyamba.

Mtunda ndi fizi ndizo zipinga zenizeni, ndipo zimenezi zili m'manja mwa akuluakulu. Pa Namitete pali koleji ya ntchito zamanja imene yatulutsa amisiri kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la TEVETA ndilo liyang'anira maphunziro otere m'dziko muno. Ndipempha a TEVETA, aphungu a madera athu, mafumu ndi a mipingo, kuti luso lojambula ndi kukonza kanema alipatse malo olemekezeka pakati pa ukalipentala ndi zomangamanga m'masukulu a kufupi ndi midzi, ndi maphunziro aafupi a mtengo umene mlimi angathe, ndi mphunzitsi amene anagwirapo ntchitoyo, ndi malo osungidwira atsikana. Ndipo inu makolo a kwa Kabudula, mwana wanu akadza ndi pempho ili chaka chino, musamkanize ndipo musathamangire kumgulira kamera: muuzeni ayambe wakuonetsani kanema wake wa mphindi zisanu, mukhale pansi muuonere limodzi, kenaka mukambirane za fizi.